Chikole cha Mizere Isanu ndi Iwiri

Kwathu ku Magodi mnyamata akamufuna mtsikana amapereka chikole. Kale chinkakhala mkanda kapena chitenje, masiku ano ena amapereka foni. Mtsikana akalandira amapita nacho kwa ankhazi ake, mlongo wa bambo ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse umadziwa kuti pakhomo paja pali mwini. Wina akabwera kudzafunsira mbeta amapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, kenako amauzidwa kuti wachedwa. Chikole chikakhala m'nyumba, mtsikana sapita kutali osamufunsa mwini wake. Changa chinali choseweretsa cha pulasitiki, koma chinandimanga mwendo kuposa chingwe cha mbuzi.

Mwini wake anali mlangizi wa fodya wa kampani ina imene adada, bambo anga, ankalima nayo. Kwawo kunali ku Mphamba. Ankabwera pa njinga yamoto kudzaona nazale, kenako munda, kenako chigafa choyanikamo fodya. Adada akachedwa kudimba, iye ankakhala pachitsa n'kutulutsa kyubu m'thumba. Kwa amene sanaionepo, kyubu ndi kabokosi ka mbali zisanu ndi imodzi, mbali iliyonse mtundu wake: yoyera, yachikasu, yofiira, yobiriwira, yabuluu ndi yaolenji. Mbali iliyonse ili ndi mizere itatu, ndipo mizereyo imazungulira. Umasokoneza mitunduyo, kenako umazunguliza mpaka mbali iliyonse ibwerere ku mtundu wake umodzi. Iye ankaimaliza uku akukamba za feteleza, maso ali kwina.

Ine ndinali nditamaliza giredi 12 ndipo ndinkangokhala pakhomo, kusoka fodya ndi kutunga madzi. Mutu wanga unali ndi njala. Tsiku lina anandipeza ndikuyang'anitsitsa zala zake.

"Ufuna kuyesako?" anandifunsa. "Koma samba m'manja, phula ya fodya izaiononga."

Anandiphunzitsa pang'onopang'ono, ulendo uliwonse kanthu kamodzi, kenako anandisiyira kyubuyo kuti ikhale yanga. Pofika nthawi yomanga mabelo ndinkaimaliza madzi a tiyi asanawire. Tsiku lina ataona zimenezi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mutu wako si wa mu chigafa." Palibe munthu anali atandiuzapo mawu otero. Anyamata a kwathu akafuna kukuyamikira amanena za chiuno, kapena za mphamvu zako pakhasu. Uyu anayamikira mutu, ndipo ndinamukonda ndi mtima wonse, osasiyako ngakhale pang'ono posungira.

Pali tsiku lina limene ndiyenera kulinena pano. Tinali pagolosale ya pamsewu ndi mnzake wa kuntchito, munthu wodzitama kuti nayenso kyubu ndi madzi akumwa. Mlangizi anaibisa kumbuyo, anagwira kachidutswa kamodzi ka pangodya ndi chala chachikulu, n'kukapotoza mwamphamvu pamalo pake pomwepo. Kanalira kuti thwa. Kenako anaisokoneza bwinobwino n'kumupatsa mnzakeyo. Munthu uja anatuluka thukuta. Ankafika kumapeto, zonse zili m'malo, koma kangodya kamodzi katapenya kumbali. Ankasokoneza n'kuyambiranso, kangodya n'kubweranso.

Mlangizi anandinong'oneza kuti, "Kona imodzi ikapotoka, olo uzungulize mpaka ukalambe, siingasile."

Ndinaseka mpaka chakumwa kunditulukira m'mphuno.

Fodya atagulitsidwa, kampani inamusamutsira ku Chipata. Asananyamuke anabwera atavala shati yoyera, kaphukusi kali m'manja, ndipo anapempha kuti tipitire limodzi kwa ankhazi. Iwo anatiyalira mphasa pakhonde.

"Monile, alangizi."

"Yewo, amama."

Anamasula kaphukusi kaja. Munali kyubu, koma osati ngati yanga. Iyi inali yaikulu ngati papaya wamng'ono, mbali iliyonse mizere isanu ndi iwiri, tizidutswa take ting'onoting'ono ngati njere za chimanga pachitsononkho. Inali yosokoneza kale. Ankhazi anaitembenuza uku ndi uku, anaigwedezera kukhutu kuti amve ngati m'kati muli kanthu.

"Ichi ntchichi?" anafunsa.

"Chikole, amama."

"Chikole choseweletsa ana?"

"Ndalama imadyewa, amama, chitenje chimang'ambika. Ichi chizankala. Manje mvelani. Ine nifunika nthawi yosonkhanisa ng'ombe za malowolo. Siku yamene azasiliza ichi anitumile pikicha pa foni, ine nizatuma thenga wiki yamene iyo. Koma asilize na mutu wake. Osaona pa intaneti, osafunsa muntu."

Thenga ndi munthu amene banja la mnyamata limamutuma kukatsegula nkhani ya ukwati kwa makolo a mtsikana. Iye akangofika, zinthu zayamba. Ankhazi atamva dzina la thenga nkhope inamasuka. Anati mawu onenedwa pamphasa ndi mawu, ndipo analandira chikolecho ndi manja awiri. Kenako anandibwezera kuti ndikagwirire ntchito, chifukwa chikole cha mtundu uwu sichikanatheka kuchitsekera m'sutikesi.

Pomuperekeza anandiuza njira yake. Uyambe ndi zapakati, mbali iliyonse umange bwalo la mtundu umodzi. Kenako ulumikize tizidutswa ta m'mphepete tikhale mizere yofanana. Ukatero yaikulu yasanduka yaing'ono, uimalize monga umachitira. Anandichenjezanso kuti chakumapeto imaoneka ngati yakana, koma njira imakhalapo. Njinga yamoto italowa m'fumbi ndinabwerera kunyumba ndikudumpha ngati kamwana.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, tinakhala pansi pa mango kuti tiwerengere kuti alendo adzafika liti. Sinali nkhani yamasewera. Alendo a ukwati amafuna mbuzi, ndipo denga la khitchini linali lofunika udzu watsopano. Adada ankafuna adziwe nthawi.

Ine ndinayamba. Ndinati yaing'ono ili ndi mizere itatu ndipo ndimaimaliza madzi asanawire. Yaikulu ili ndi mizere isanu ndi iwiri, ndiye kuti kawiri ndi kachidutswa. Ndikaonjezerapo nthawi yophunzira, milungu iwiri yakwana.

Adada anapukusa mutu. "Yayi, mama. Munda ukakula m'litali, ukula na m'lifupi." Anatola kamtengo n'kujambula pansi munda wa mizere itatu uku ndi uku, pambali pake wina wa mizere isanu ndi iwiri uku ndi uku. Anandiuza kuti ndiwerenge timabokosi. Wachiwiriwo unameza woyamba kasanu n'kutsalako. "Ndipo ng'ombe zimalema kumapeto kwa munda," anatero. Iwo anapereka miyezi iwiri, kuti mvula yoyamba ikamagwa thenga akhale atafika.

Ankhazi sanawerenge timabokosi. Anati kusankha nyemba zosakanikirana m'mbale ndi kwina, m'dengu ndi kwinanso, chifukwa m'dengu zimene wasankha kale zimagweranso m'zinzake. Kenako anati, "Ndipo imwe, ng'ombe za malowolo munthu asonkhanisa pa mawiki awili? Iye adziwa chinthu chake. Ichi n'cha mpaka kukolola."

Tinawaseka, ine ndi adada. Mpaka kukolola! Adada anasankha kambuzi kakang'ono, anakafula, n'kukamangirira pafupi ndi nyumba kuti kazidya madeya. Ine ndinagulitsa mtedza wanga n'kukagula foni yojambula ku boma, kuti tsiku la chithunzi lisadzandipeze ndikubwereka.

Milungu iwiri yanga inatha ndili ndi bwalo loyera ndi lachikasu basi. Ankhazi ananena zoona za nyemba. Ukamamanga mbali yachitatu, yoyamba imagumuka. Ndinavutika nazo mpaka zala zinaphunzira zokha kuti uyenera kutsegula mzere, kulowetsa kachidutswa, n'kutsekanso msanga ngati chitseko cha khola. Ndinkayenda nayo paliponse nditaikulunga m'chitenje: kumjigo, kudimba, kuchigayo. Ndikadikira ndowa kuti idzaze, ndili nayo. Mvula yoyamba inagwa ndikumaliza zapakati, ndipo miyezi iwiri ya adada inapita ndi madzi.

Anthu sanachedwe kudziwa. Kumjigo moni wanga unasintha. Ena ankapatsidwa "Mwauka uli," ine ndinkapatsidwa "Wasiliza?" Amayi ena ankati ndakwatiwa ndi kabokosi, ndipo mwamuna wotere ndi wabwino chifukwa samenya komanso sadya zambiri. Ndinkaseka nawo. Ndinkadziwa chimene ndikudikira.

Nthawi yopalira ndinali pa tizidutswa ta m'mphepete. Mzere ndi mzere zinkalowa, mpaka panatsala mizere iwiri. Pamenepo inakana. Tizidutswa tiwiri tinali titasinthana malo, ndipo chilichonse chimene ndinkachita chinkangosamutsa vutolo kupita nalo kwina. Ndinamuimbira foni mlangizi uja.

"Ndiye geti yamene ninakuuza iyo," anatero. "Njila ilipo. Ganiza."

Ndinaganizadi. Ndinkaganiza ndikupalira, ndikusinja, ngakhale abusa akulalikira. Nthawi ya mondokwa ndinaipeza njirayo. Unayenera kuzunguliza mzere umodzi wa m'kati kamodzi kokha, kulola kuti zapakati zimene unavutika nazo zigumuke, n'kuzimanganso mwatsopano. Ukafikanso kumapeto, tizidutswa tija tagona bwino. Ndinasangalala kuposa tsiku limene ndinaona zotsatira za mayeso. Ananena kuti idzakana, inakanadi. Ananena kuti njira ilipo, inalipodi. Kuyambira pamenepo mawu ake onse ndinkawameza osatafuna.

Tsopano yaikulu inali itasanduka yaing'ono. Ndinathamanga kukaitana ankhazi kuti adzaone ndi maso awo. Anabwera akupukuta manja, n'kukhala pambali panga, kukhosi akukonza kale nthungululu. Zala zanga zinkauluka. Mbali yachikasu inatha, za m'mbali zinatha, yoyera inatsala pang'ono. Ndinazunguliza komaliza.

Kangodya kamodzi kanali katapenya kumbali. Pamene panayenera kukhala poyera panali pofiira.

"Yasila?" anafunsa ankhazi.

"Patsala kamodzi."

"Kamodzi si kanthu, mwana wane."

Mtima wanga unapita pagolosale paja nthawi yomweyo. Ndinakwera pachulu pamene foni imagwira bwino n'kumuimbira mlangizi. Ndinamufotokozera zonse, ndipo ndinamufunsa mosazungulira ngati anapotoza. Anaseka kuseka kwake kuja.

"Iwe, uganiza ningakuchite ivo? Ine? Iyo ni ikulu, siili monga kang'ono. Ili na mageti awili. Yoyamba wapita, iyi ni yachiwili. Sokoneza uyambilenso, uzaipeza njila."

Ndinachita manyazi kuti ndamuganizira zoipa, ndipo ndinapepesa. Inde, ine ndi amene ndinapepesa. Mpaka lero ndikakumbukira kuti ndinaima pachulu, dzanja lili pachifuwa, n'kumanena kuti pepani, magazi amandiwira.

Ndinasokoneza n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri unanditengera masiku ochepa. Pofika nthawi yokolola ndinkatha kuiyamba nditadya nkhomaliro n'kufika kumapeto dzuwa lisanapendeke kwambiri. Ndinkayesa kuyamba ndi mtundu wina, kuyamba ndi mbali ina, kugumula mzere uwu m'malo mwa uwo monga ndinachitira pageti yoyamba. Nthawi zina tingodya tiwiri tinkapenya kumbali, nthawi zina titatu, koma ndikatisonkhanitsa kankatsala kamodzi. Chimanga chinalowa m'nkhokwe, ndipo nthawi ya ankhazi nayo inadutsa. Iwo anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa intaneti sindinayang'ane ngakhale kamodzi. Foni inali m'manja mwanga, koma ndinali nditalonjeza pamphasa.

M'chilimwe chimenecho kutchalitchi analengeza kuti anthu oteteza nyama ku Lukusuzi akufuna achinyamata oti awaphunzitse ntchito yolondera nkhalango, ndipo ulendo uno akutenganso atsikana. Mnzanga wina amene tinkakhala desiki imodzi kusukulu anandikoka kuti tikayese. Mayeso oyamba anali othamanga, pabwalo la mpira. Ndinavula nsapato n'kuwasiya onse m'mbuyo. Mayeso olemba anali ofewa ngati phala. Mkulu wina wa yunifolomu anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndikatsanzike kunyumba, galimoto idzatitenga kumapeto kwa mwezi.

Ndinafika kunyumba ndikupuma moto. Adada anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anayang'ana pansi.

"Ine nilibe mau, mama. M'nyumba muli chikole. Funsa mwenecho."

Sanalakwe. Mwambo ndi umenewo, ndipo iwo ankaopa kuti thenga angafike n'kupeza mtsikana ali m'tchire. Ndinamuimbira, sanayankhe. Ndinalemba uthenga. Anayankha patapita masiku.

"Mkazi wanga na mfuti m'sanga? Kwathu azati bwanji? Wasala pang'ono iwe, osataya manje. Ng'ombe ziwili zilipo kale."

Mkazi wanga. Mawu awiri amenewo ndinawawerenga kambirimbiri. Galimoto inabwera kumapeto kwa mwezi, mnzanga anakwera ndi kachikwama kake, ine ndinamubayibitsa ndili pamsewu, kyubu ili m'chitenje. Ndinadziuza kuti ndasankha chinthu chachikulu.

Mvula inagwanso. Kambuzi ka alendo kanakula n'kusanduka chimbuzi chamafuta, chamwano, chodula zingwe. Chinadya kholowa wa ankhazi, chinagwetsa mtsuko, ndipo ana a pamudzi anachipatsa dzina loti Thenga. Ukamva "Thenga wafika!" unkadziwa kuti mbuzi yalowa m'khitchini. Poyamba adada ankawakalipira, kenako anasiya. Udzu watsopano wa padenga unayamba kuda. Kyubu nayo inakalamba m'manja mwanga. Fumbi linkalowa m'kati mpaka kumalira ngati mchenga m'mano, ndipo ndinkaitsuka ndi mswachi n'kuipaka mafuta odzola. Kumjigo anasiya kundifunsa ngati ndamaliza, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandipweteka kuposa kuseka kuja.

Iye mauthenga ake anayamba kutalikirana. Ndikalemba lero, yankho linkabwera sabata yamawa, lalifupi: ntchito yachuluka, netiweki ivuta, wafika pati. Ndinkamuuza kuti kangodya kakadalipo. Ankati ndilimbikire, mutu ndili nawo.

Tsiku limene zinadziwika ndinali kuchigayo. Mzere unali wautali, chifukwa magetsi anali atangobwera kumene, ndipo ndinakhala pathumba langa la chimanga ndi kyubu m'manja, itafika pamalo ake a masiku onse, zonse zili bwino kupatula kamodzi. Panaima galimoto yobiriwira. Munthu anatsika atavala yunifolomu ndi majombo, akuyenda ngati nthaka ndi yake. Ndinachedwa kumuzindikira. Anali mnzanga uja. Anandikumbatira, anandiuza za njovu zimene anakumana nazo, za njinga imene anagulira amayi ake. Kenako maso ake anagwera m'manja mwanga.

"Ukali nayo?" anafunsa.

Sanafunse monyoza. Akanandiseka bwenzi zili bwino. Anafunsa ngati mmene timafunsira munthu amene chilonda chake sichikupola. Anzake anamuitana, anakwera, galimoto inapita.

Ndinakhalanso pathumba paja. Uyu ndinamusiya kutali pabwalo la mpira. Zala zanga zinkazunguliza mizere ya m'kati popanda cholinga, kupita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, chifukwa cha mkwiyo chabe. Maso anali pa kangodya kaja. Ndiye ndinaona chinthu chimene chinali pamaso panga nthawi yonseyi. Mizere ya m'kati ikamazungulira, ngodya sizisuntha. Ndinayesa wachiwiri, wachitatu, wapakati penipeni. Ngodya zili phee. Zimayenda pokhapokha ukazunguliza mbali yakunja, chimodzimodzi ngati pa yaing'ono. Ndinaziwerenga: zisanu ndi zitatu, ngati pa yaing'ono. Ndiye kuti mizere yonse yoonjezerayo, imene adada anaijambula pansi pa mango, inalibe chochita ndi ngodya. Pa nkhani ya ngodya, yaikulu ndi yaing'ono ndi chinthu chimodzi. Ndipo za yaing'ono ndinali nditauzidwa kale pagolosale, ndi mwini wake.

Ndinaika chala chachikulu pa kangodya kaja n'kukanikiza. Kanalimba pang'ono, kenako kanalira kuti thwa.

Mbali yoyera inayera yonse. Ndinaitembenuza: yofiira, yabuluu, yaolenji, yobiriwira, yachikasu, iliyonse yokhayokha. Chinthu chimene ine ndinachipatsa milungu iwiri, adada miyezi iwiri, ankhazi mpaka kukolola, chinatha pa kupuma kumodzi. Panalibe nthungululu. Chigayo chinkangobangula, ndipo mayi amene anali patsogolo panga ankakangana ndi wogayitsa za chitini chosadzaza.

Ndikuuzeni mmene mtima wa munthu ulili wopusa. Ngakhale pamenepo ndinayamba kumuikira kumbuyo. Ndinati mwina kanapotoka tsiku lina pamene inagwa kuchoka pawindo. Mwina inachoka choncho kumene inapangidwa. Mwina nayenso sanaimalizepo yaikulu, ankangonena zimene anamva. Munthu amene anati mutu wanga si wa m'chigafa sakanandigwiritsa fuwa la moto chonchi. Ndinaika kyubu pathumba, ndinaijambula mbali zitatu zikuoneka, n'kutumiza chithunzicho popanda mawu ena. Ngati sadziwa kanthu, ndinatero mumtima, asangalala, ndipo thenga afika sabata ino monga ananenera pamphasa.

Munthu amene ankatenga sabata kuti ayankhe anayankha mzere usanasunthe. Foni inanjenjemera m'manja mwanga.

"Nindani wakuuza?"

Ndinawerenga kamodzi kokha. Sanafunse kuti ndaipeza bwanji njira. Sanati wachita bwino. Anafunsa amene wandiuza, chifukwa ankadziwa kuti panali choti munthu auzidwe. Anapotoza yekha, ndi chala chomwe chija, asanavale shati yoyera. Anakhala pamphasa ya ankhazi akudziwa. Ankadziwa pamene ndinkapepesa pachulu, ankadziwa pamene galimoto ya ku Lukusuzi inkandisiya pamsewu. Ankafuna mtsikana womudikira kumudzi pamene iye akuona mmene zinthu zimuyendere m'tauni, ndipo anapeza chingwe choyenera. Mtsikana wina akanatopa nayo kyubuyo pa mwezi umodzi n'kubweza chikole. Iye ankadziwa kuti ine sindingasiye chinthu chimene chatsala kamodzi. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimenecho, kuti anandimangira pa chinthu chomwe chija anandiyamikira nacho.

Ndinagayitsa chimanga changa, chifukwa kunyumba ufa unali utatha. Ndinasenza, ndinayenda njira yonse osalira. Foni inalira kawiri m'chitenje, sindinaiyankhe. Nditatula ufa ndinapita kwa ankhazi. Ndinawaonetsa kyubu, iwo n'kutsegula pakamwa kuti aimbe nthungululu, koma ndinawagwira dzanja. Ndinawafotokozera za pagolosale, za ngodya, za chala, kenako ndinawawerengera uthengawo. Anayang'ana mphasa yomwe ija.

"Pa mphasa yane," anatero. "Na manja yawili nikapokela."

Adada atamva anadzuka. Anatenga mpeni n'kuyamba kuunola pamwala wa kuseri kwa khitchini. Madzulo amenewo tinadya mbuzi ya alendo tokhatokha, ndi ana amene anaipatsa dzina. Nyama yake inali yolimba.

Chikole sabweza ndi mtsikana. Amabweza ndi amene anachilandira, ndipo amakachitula kwa makolo a mnyamata. M'mawa mwake ankhazi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anapopa njinga, n'kundiuza kuti ndibweretse chinthucho akachisiye ku Mphamba. Ndinachibweretsa chili chomaliza, mbali zonse zikuwala. Ndisanawapatse ndinaika chala pa kangodya kaja n'kukapotozanso, kenako ndinasokoneza mizere yonse bwinobwino. Anabweretsa chotero, chibwerere chotero.

Ankhazi anachikulunga m'kansalu n'kuchimangirira pakaliyala. Atakwera phazi limodzi pa pedulo anatembenuka.

"Nikawauze vichi, mwana wane?"

"Mwana wao anafunsa funso," ndinatero. "Mukawauze kuti palibe ananiuza."